ZA KUMUDZI: MWANA AKAFIKA FOMU 4

Abale anga a ku migodi, inu a ku Rustenburg ndi ku Carletonville, inu a malasha ku Moatize ndi ku Hwange, ndi inunso a mkuwa ku Solwezi. Sabata ino ndifuna kulankhula ndi atate amene ali ndi mwana wa Fomu 4 ku Malawi, ndiponso ndi atsibweni amene ali kuphunzitsa mwana wa mlongo wao, pakuti kwathu katundu wa sukulu kawirikawiri agwera iwo. Inu amene ana anu akali ku pulaimale, pepalali musalikulungire fodya. Lipindeni bwino ndi kuliika pansi pa sutikesi, popeza tsiku lanu liri nkudza.

Fomu 4 ndico caka cotsiriza ca sekondale. Mwana wayenda ulendo wa zaka 11, zisanu ndi zitatu ku pulaimale ndi zitatu ku sekondale, ndipo tsopano zonsezo zidzayesedwa m'masabata owerengeka, pa mayeso a MSCE amene akonzedwa ndi bungwe la MANEB ku Zomba. Mayeso amenewa si masewera. Mu 2024, mwa ana 100 ali onse amene analemba, okhoza anali ngati 55, ndipo otsalawo anabwerera kwao manja ali m'khosi. Musaganize kuti onse olepherawo anali mbuli kapena aulesi ai. Alipo ena amene anagwetsedwa ndi njala ya February, ena ndi khasu, ena ndi mdima wa m'nyumba yopanda nyale. Zinthu zimenezi munthu angathe kuzikonza ngakhale ali pansi pa mgodi, akadziwa nthawi yace.

CAKA CA MGODI NDI CAKA CA SUKULU

Coyamba kucidziwa ndi ici: caka cathu ca kuno ndi caka ca sukulu ya kwathu siziyendera pamodzi. Ife tiwerenga kuyambira January kufikira December, ndipo mtima wathu wonse uli pa Khirisimasi. Sukulu ya ku Malawi itsegulidwa mu September, ikhala ndi materemu atatu, ndipo mayeso a Fomu 4 alembedwa ca kumapeto kwa June ndi mu July. Werengani pa zala, mudzapeza miyezi khumi yokha. Pamene inu mutsika basi pa Khirisimasi, teremu yoyamba yatha kale. Inu amene ana anu aphunzira ku Zambia kapena ku South Africa, mayeso ao otsiriza ayamba ca mu October, tsono musunthe miyezi imene ndichule pano. Koma nkhani yace ndi imodzimodzi.

Taonani cimene cicitika caka ndi caka. December akafika munthu alandira malipiro ndi bonasi, akwera basi pa Park Station ku Johannesburg, adzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, nalowa kwathu pa Mwanza kapena pa Dedza atasenza njinga, mabulangete, wailesi ndi nsapato za mudzi wonse. Mbuzi iphedwa, mowa ufululidwa, ndipo abale amene sanapereke ngakhale moni caka conse aoneka pa khonde m'mamawa. Sinditi zimenezi nzoipa. Munthu wagwira nchito mu mdima miyezi 11, ayenera kuseka pang'ono pa dzuwa. Koma masabata atatu asanathe thumba lauma, ndipo ndalama ya basi yobwerera ikhala ya ngongole. Malipiro a January apita kwa a katapila, amene ku Joni timati mashonisa, ndipo a February atsiriza zotsala.

Nanga kumudzi kuli ciani miyezi yomweyo? Teremu yaciwiri itsegulidwa mu January. Nkhokwe zatha, mtengo wa cimanga wakwera koposa nyengo ina iri yonse, munda ufuna kupalira ndi kubandira, feteleza waciwiri afunika, udzudzu waculuka ndipo malungo ali kuyenda nyumba ndi nyumba. Mitsinje idzala, ndipo mwana wa ku sukulu yoyendera, imene amati CDSS, tsiku lina aima tsidya lino kudikira kuti madzi atsike. Iyi ndiyo teremu imene aphunzitsi athamanga kuti atsirize silabasi, ndipo m'masukulu ambiri mayeso oyeserera, amene ana amati moko, alembedwa nthawi yomweyi kapena itangotha. Motero miyezi imene mwana afuna thandizo koposa ndiyo miyezi imene atate wace alibe kanthu. Mwana acoka m'mamawa osalawa ngakhale phala, ayenda mtunda wautali, nakhala pa phunziro la masamu m'mimba muli kulira. Madzulo amai ati, “Mawa usapite, tikagwire ganyu kwa auje tipeze ufa.” Ndani angawadzudzule amaiwo? Ufa ufunikadi. Koma masiku atatu pa sabata akapita ku ganyu mu January ndi February, dzenje limenelo lidzaoneka pa pepala mu July.

Mankhwala ace ngosabvuta kuwachula, cobvuta nkumwa. Gawani ndalama ya December musanakwere basi, osati mutafika, pakuti kumudzi maso a anthu adzakugonjetsani. Gawo la mwana wa sukulu lisiyeni ku banki kuno, ndipo mukabwera mulitumize pang'ono pang'ono, January, February ndi March. Inu amene muli m'ciperegani ndi anzanu a m'komboni, pemphani kuti caka cino nthawi yanu yolandira ikhale January. Anzanuwo adzakondwa, cifukwa onse alimbirana December. Ndipo amene mwana wace akali Fomu 3 ali ndi mwai woposa. Agule matumba a cimanga mu May kapena June pamene mtengo watsika, athire mankhwala a anankafumbwe, nawauze a kunyumba kuti matumba awa ndi a caka ca mayeso, ophika mowa wa Khirisimasi asawakhudze.

Mwina wina ati, “Nanga si tamva kuti sekondale ndi yaulere tsopano?” Inde, kuyambira January 2026 Boma la Malawi linacotsa ndalama za mayeso ndi zopereka zina m'masukulu ace oyendera, ndipo ici ncothokoza. Koma mwana wa ku sukulu yogonera komweko alipirabe za cakudya ndi malo, wa ku sukulu ya eni ace alipira zonse, ndi wa ku sukulu ya masana, imene amati open, alipiranso. Ndipo Boma siligula yunifolomu, sopo, nyale, kapena ufa wa mwana amene acita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu. Walira mvula walira matope. Funsani kuti mwana wanu ali m'sukulu ya mtundu uti, mudziwe katundu wanu weniweni.

Tsono ndalamazo zipite kwa yani? Kale, m'masiku a Wenela, kalata inkayenda masabata, ndipo ndalama inkafika ku positi ofesi woipempha ataiwala. Lero mutumiza pa Mukuru kapena njira zina zotere, ndipo ifika pa Airtel Money kapena pa Mpamba tsiku lomwelo. Koma kufulumira kumeneku kwabala bvuto lina. Mwana aimba, mutumiza. Amai ace aimba, mutumiza. Atsibweni aimba kuti sukulu ifuna zakuti, mutumizanso. Pamapeto pace mwatumiza katatu, ndipo mwana wabwezedwabe pa cipata ca sukulu, cifukwa yense anayesa kuti mnzace walipira. Sankhani munthu mmodzi wosunga ndalama ya sukulu, ndipo muuze banja lonse poyera kuti ndi uyu, pasakhale kunong'onezana. Kawirikawiri ayenera kukhala amai ace a mwana, pakuti ndiwo aona za mphika. Koma atsibweni musawalambalale. Kwathu kwa Acewa, ndi kwa Ayao ndi Alomwe, mau ao pa mwana wa mlongo wao ngolemera, ndipo mukawacitira ulemu ndi kuwafotokozera bwino, ndiwo amene adzaletsa agogo kutuma mwana ku cigayo tsiku la sukulu. Ciri conse colipidwa ku sukulu cikhale ndi lisiti, ndipo lisitilo alijambule pa foni akutumizireni.

Pezaninso nambala ya aphunzitsi akulu kapena ya aphunzitsi a kalasi la mwanayo. Amuna ambiri aopa ici, ati, “Ine ndinalekeza Sitandade 5, ndikalankhula ciani ndi aphunzitsi?” Safunsa anadya phula, abale. Aphunzitsi sadzakulembetsani mayeso. Adzakondwa kuti mwana uyu ali ndi mwini. Aimbireni kamodzi pa teremu, mwaulemu, nthawi ya madzulo, muwafunse ngati mwana afika masiku onse, phunziro limene limubvuta ndi liti, ndi cimene inu mungagule kuti cimthandize.

DZINA LA PA SETIFIKETI

M'teremu yoyamba sukulu itumiza maina a ana ku MANEB, pamodzi ndi tsiku lobadwa, cithunzi, ndi maphunziro amene mwana adzalemba. Apa pali msampha umene anthu auona patapita zaka. Kwathu mwana mmodzi angakhale ndi maina atatu: la atate wace, la ciongo, ndi lina limene anabwereka kwa msuwani pamene anabwereza Sitandade 8. Kalembedwenso kasiyana, uyu alemba l, uyo alemba r. Setifiketi idzatuluka ndi dzina limene linalembetsedwa, ndipo mawa polowa koleji, pofuna nchito, kapena potenga pasipoti, adzaliyerekeza ndi la pa citupa ca unzika. Akasiyana, mwana ayamba kuyenda m'maofesi ndi kulumbira pamaso pa a malamulo, ndalama ziri kutha. Inu amene mudziwa cimene cicitika dzina la pa pasipoti likasiyana ndi la m'buku la kampani simufuna kuti ndikufotokozereni zambiri. Uzani mwana aone ndi maso ace cimene calembedwa, cilembo ndi cilembo, nthawi yokonza isanathe.

Tsopano za makhozedwe, pakuti apa atate ambiri angomva za mapointi osadziwa mutu wace. Phunziro liri lonse lipatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yabwino: 1 ndi 2 ndiko kukhoza kopambana, 3 kufikira 6 amati kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Kuti mwana alandire setifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6 ndi kirediti imodzi pakati pace, kapena maphunziro 5 ndi makirediti atatu. Ndipo m'njira zonse ziwiri Cingerezi ciyenera kukhalapo. Mumve bwino apa. Mwana angathe kukhoza masamu, Biology, Agriculture ndi Cicewa mopambana, koma akagwa Cingerezi setifiketi palibe. Kuno ku migodi munthu akhala zaka 20 ndi Cifanakalo cokha, nakwezedwa kukhala kapitao. Ku MANEB kulibe zotero. Ngati muli ndi ndalama ya buku limodzi lokha, gulani dikishonale. Ngati mwana ati Cingerezi cimubvuta, musadikire teremu yacitatu. Pezani mphunzitsi wodziwika amthandize masana, ndipo mwanayo awerenge ciri conse ca Cingerezi cimene acipeza, ngakhale nyuzipepala yakale yokulungira usipa.

Mapointi ndiwo kuphatikiza kwa manambala a maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino koposa. Tinene kuti wapeza 4 pa Cingerezi, 5 pa masamu, 3 pa Biology, 3 pa Agriculture, 2 pa Cicewa ndi 4 pa Geography. Ameneyo ali ndi mapointi 21. Wopeza 1 pa onse ali ndi mapointi 6, ndipo palibe woposa pamenepo. Cotero mukamva kuti mwana wapeza 9, musakwiye kuti zacepa, iphani mbuzi. Mukamva 40, mbuziyo iyambe yadya msipu. Wofuna kupita ku yunivesite ya Boma ayenera kukhala ndi makirediti 6, Cingerezi ciri pomwepo, ndipo popeza malo ngocepa, osankha ayang'ananso maphunziro amene agwirizana ndi cimene mwana afuna kukaphunzira. Wofuna udokotala kapena uinjiniya asapeputse masamu, Physics ndi Chemistry. Zimenezi muzikambirane mu September, osati zotsatira zitatuluka.

Kodi mphatso yabwino ya mwana wa Fomu 4 nciani? Ambiri a ife timtumizira foni ya mtengo wapatali, kuti mudzi uone kuti atate ali ku Joni. Ine nditi foni imeneyo idikire August. M'masukulu ambiri ogonera foni njoletsedwa, ndipo kumudzi idya usiku umene ukadapita ku buku. Nyale ya sola iposa foni kutali, pakuti kwathu dzuwa likalowa ca m'ma 6 koloko nyumba zambiri zikhala mu mdima. Onjezani calculator ya masamu a sekondale, kabokosi ka zida zojambulira masamu, makope okwanira, ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo. Mapepala amenewa mwana asamangowawerenga ai. Awalembe wochi iri patsogolo, monga ngati ali m'cipinda ca mayeso.

Koma cacikulu kuposa zonsezi ndi nthawi, ndipo nthawi igulidwa. Inu kumudzi kulibe, cotero khasu lanu agwira ndi mwana. Caka cino lembani waganyu apalire m'malo mwace, ndipo mu April ndi May, pamene cimanga cikololedwa ndi fodya asankhidwa, citaninso cimodzimodzi, cifukwa pamenepo mayeso atsala masabata owerengeka. Werengani ndalama imene ithera m'botolo pa Loweruka awiri, muone ngati singapalitse munda. Sinditi mwana asagwire nchito iri yonse, angasanduke bwana m'nyumba ya amace; Loweruka m'mamawa agwire. Koma masiku a sukulu akhale a sukulu.

Za mwana wamkazi ndinenepo mwapadera, cifukwa katundu wace ngwowirikiza. Mlongo wace wamwamuna akaweruka aponya makope nakhala pansi. Iye atenga ndowa kunka ku mjigo, abwera asinja, aphika, asambitsa ana, ndipo pofika pa buku maso alemera. Uzani amai ace kuti caka cino nchito zigawidwe, anyamata nao atunge madzi, safa nazo. Pali zina zimene mwana wamkazi afuna mwezi ndi mwezi, zimene sangakuuzeni inu atate wace, ndipo akazisowa ajomba ku sukulu. Perekani ndalama yace kwa amai ace kapena kwa azakhali, osafunsa zambiri. Ngati akhala pa lendi pafupi ndi sukulu, kumene ana amati pa selefu, tumani munthu wamkulu akaone nyumbayo, citseko cace, ndi anthu oyandikana nao. Mtsikana wosowa sopo ndi ndiwo asowa mtendere, pakuti pa malo a malonda pali amuna a ndalama odikira njala yace. Ndipo tinene zoona, ena mwa iwo ndi anzathu omwe obwera ku Joni pa chuthi. Lamulo la Malawi silirola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo linakhwimitsidwa mu 2017, tsono wobwera ndi mau a citomero muuzeni adikire. Tsoka likagwa, mwana natenga pakati, musamtaye. Kuyambira 1993 Boma lilola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka.

Poimba foni kumudzi pemphani kulankhula ndi mwana yemwe, osati kungomvera kwa amace. Sankhani tsiku limodzi, tinene Lamulungu madzulo, kuti alizolowere. Ndipo musayambe ndi mau aja akuti, “Ndalama zanga ziri kutha, ukalephera usandione.” Mwanayo adziwa kale kumene ndalama icokera, adziwa kuti atate wace atsika ndi keji kusanace. Mantha sakhozetsa mayeso, angobalalitsa mutu. M'malo mwace mfunseni kuti, “Sabata ino mwaphunzira ciani? Tandifotokozera.” Ngakhale simudziwa Biology, mlekeni akuuzeni mmene mtima upopera mwazi. Pofotokozera inu ali kubwereza phunziro, ndipo inu mudzamva pa mau ace ngati acidziwa kapena angozungulira, monga mumva pa kulira kwa mwala, pogogoda ndi citsulo, ngati denga la mgodi liri lolimba kapena lagwedera.

LIKASA

Mayeso akayandikira adzabwera anthu onong'ona. Uthenga ufika pa WhatsApp wakuti pepala la masamu lapezeka, tumizani zakuti. Ana amati likasa. Atate wa ku Joni ndiye amene afunidwa, popeza amveka kuti ali ndi marandi. Musatumize ngakhale tambala. Kawirikawiri pepalalo ndi labodza, ndipo mwana ataya masiku otsiriza kuloweza mayankho a mafunso amene sadzabwera. Likakhala loona ndiye coipa coposa, pakuti wogwidwa acotsedwa pa mayeso, zotsatira zace zifafanizidwa, ndipo angathe kugona m'citokosi. Kumbukirani caka ca 2020. Mapepala a MSCE anabedwa nafalikira pa mafoni, Boma linaimitsa mayeso onse mu November, ndipo ana a dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu January 2021, asilikali ali kulondera mapepala. Ulendo umenewo okhoza sanafike ngakhale theka. Za mankhwala a nzeru a kwa sing'anga sinditaya nthawi. Ndalama imeneyo gulirani mwana mazira.

Mwezi wa mayeso ndi wa cisanu. Ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba, ndi ku Thyolo kukagwa ciperoni, zala ziuma mpaka kulephera kugwira colembera. Tumizani juzi mu May. Mwana atuluke m'nyumba atadya kanthu kotentha, akhale ndi zolembera ziwiri kapena zitatu, citupa cace ca mayeso asaciiwale, ndipo foni isalowe m'cipinda ca mayeso ngakhale yozima. Ngati malo olembera ali kutali, njinga ikonzedwe usiku, kapena akagone kwa mbale wodalirika wa pafupi. Ena afunsa ngati nkwabwino kupempha chuthi kuti akakhale kumudzi masiku amenewo. Ine ndiona kuti si kwabwino, pokhapokha mutadziwa kudziletsa. Munthu wocokera ku migodi safika yekha. Afika ndi alendo, wailesi ndi mowa, ndipo mwana ndiye atumidwa kukagula ndi kuphikira. Ngati mungathe kusankha, pitani pa Pasaka, pamene teremu yaciwiri yatha ndipo nthawi yokonza zolakwika ikalipo.

AKATHA KULEMBA

Mayeso akatha mwana akhala miyezi iwiri kapena itatu kudikira zotsatira, ndipo miyezi imeneyi njoopsa monga ya njala ija, makamaka kwa mnyamata. Alibe sukulu, alibe nchito, ndipo anzace ali kukamba za Joni. Tsiku lina adzakuimbirani, “Atate, nditumizireni ya basi ndikupezeni.” Muuzeni zoona zace. Migodi ya golide ya ku South Africa inali ndi anchito oposa 500,000 ca m'ma 1987. Lero safika 100,000. Kulemba Amalawi mwaunyinji kunatha mu 1988. Mnyamata wofika wopanda mapepala sapeza cipewa ndi nyale ya kampani. Amene amlandira ndi a m'migodi yosiyidwa, ndipo nonse munamva za Stilfontein, kumene mu January 2025 mitembo yoposa 70 inatulutsidwa pansi. Mpatseni cocita kwao komweko: kadimba ka tomato, uvuni wa njerwa, kapena kuphunzira kompyuta pa boma.

Zotsatira zikatuluka zipezeka ku sukulu kumene mwana analembetsa, ndipo ngati pali colakwika dandaulo lidzera kwa aphunzitsi akulu, msanga, pakuti masiku ace ngowerengeka. Wa makirediti okwanira achere khutu ku cilengezo ca bungwe la NCHE, kumene kudzera kusankha ana a m'mayunivesite 6 a Boma: ya ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo, ndi ya ku Mzuzu. Mudziwe kuti ku MUBAS aphunzitsa uinjiniya wa migodi; mwana wa malayisha angathe kudzatsika mgodi atanyamula mapu m'malo mwa fosholo. Kulinso bungwe la Boma lokongoza ndalama ana osowa a ku yunivesite, ndipo ngongoleyo ibwezedwa akatsiriza maphunziro.

Amene mapointi ace aculuka asaone ngati dziko latha. Makoleji a uphunzitsi alipo ku Blantyre, Lilongwe, Kasungu, Karonga ndi kwina. Sukulu za nchito zamanja zimene ziyenda pansi pa TEVETA, monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Lilongwe, ziphunzitsa zamagetsi, kuocherera zitsulo, ukalipentala, kumanga ndi kukonza galimoto. Ndipo inu mudziwa bwino kusiyana kwa malipiro a fitala ndi a munthu wa fosholo.

Wogwa, makamaka wogwa Cingerezi cokha, angathe kulembanso caka cotsatira, pobwereza kalasi kapena polembetsa ngati wa padera. Koma kalembera wa mayeso otsatira acitika m'teremu yoyamba yomwe ija, pasanapite nthawi yaitali zotsatira zitatuluka, cotero mkwiyo wanu usatenge mwezi wathunthu. Imbani, mumve cimene cinamgwetsa, mufunse aphunzitsi ngati aona kuti kubwereza kungathandize, ndipo ndalama yolembetsera muyambe kuisunga pa malipiro a September.

Sabata ya mawa tidzakamba za malata ndi simenti, ndi mmene munthu angamangire nyumba kumudzi mwini ali kutali.